Bondo Limodzi la Azakhali, Lina la a Dokotala

Ine cholinga changa chinali chabwino, anzanga, ndipo mpaka lero ndikachiganizira sindichipeza cholakwa. Ndinkangofuna kusangalatsa anthu awiri nthawi imodzi. Kodi limenelo ndi tchimo?

Zinachitika ndili Fomu 3, zaka zoyambirira zija za matipate, pamene aliyense ankalankhula za ufulu, ndipo atsikana a m'tauni anali atangoyamba kuvala mathalauzi mumsewu popanda wowagwira. Kusukulu kwathu, kuseri kwa Songani, kunabwera uthenga woti koleji ya ku Zomba ikuitana atsikana okonda sayansi kuti akakhale kumeneko pa holide ya nyengo yozizira, akagone m'mahositelo, akaphunzire m'malabu, akalawe moyo wa pakoleji. Aphunzitsi anasankha ine. Phiri la Zomba ndinkaliona tsiku lililonse kuchokera pakhomo pathu, labuluu m'mawa, lakuda madzulo, nthawi zina litafunda nkhungu ngati munthu wodwala malungo, koma sindinkadziwa kuti patsinde pake pali malo amene mtsikana angathe kukhala tsiku lonse akuwerenga osamva wina akumuitana kuti akatunge madzi.

Bambo anga sanakondwe nazo kwenikweni. Anali mkulu wa mpingo, mlimi wa nandolo ndi chimanga, munthu wosachulukitsa mawu. Sukulu ankaikonda ndithu, ankangoopa zimene sukulu imachita ndi ana. Anandiitana pakhonde, ine n'kugwada chapatali monga mwa masiku onse.

"Felesiya, pita," anatero. "Koma azakhali ako a ku Mtiya, m'tauni momwemo, akhala maso anga. Akandiuza kuti koleji yakuumitsa mawondo, za koleji tiiwale. Ukamaliza Fomu 4 udzabwera kuno."

Ndinayankha kuti, "Chabwino, bambo," ndipo ndinanena ndi mtima wonse, chifukwa sindinkaona kuti nyumba za njerwa zingachite chiyani ndi mawondo a munthu.

Masiku oyamba pakoleji paja ndimawakumbukira ngati maloto amene munthu safuna kudzutsidwamo. Makonde ataliatali olumikiza nyumba ndi nyumba, moti mvula itagwa sunganyowe, udzu wometedwa umene mbuzi sinaulawepo, laibulale yonunkhira mapepala akale momwe mabuku ankafika kudenga ndipo panalibe wokuuza kuti wawerenga mokwanira, ndiye kumbuyo kwa zonsezi phiri lija, lili pafupi kwambiri moti ndinkaganiza kuti nditatulutsa dzanja pawindo ndingathyole nthambi ya paini. Tsiku lina anatipatsa dontho la madzi a mumtsinje wa Mulunguzi kuti tiliyang'ane pa maikulosikopu. Ndinaona tizilombo tikusambira m'menemo, tina tikuzungulira, tina tikuthamangitsana, mudzi wathunthu m'dontho limodzi, ndipo ndinaiwala kuti ndili pati mpaka wina anandikoka malaya kuti anzanga aoneko.

Vuto linali limodzi: ndinkagwadira aliyense. Ndinagwadira amayi oyang'anira hositelo, zimene sizinadabwitse munthu. Ndinagwadira abambo ogawa chakudya ku kafeteriya, mbale ya nyemba ili m'manja, mzere wonse kumbuyo kwanga n'kuima. Kenako ndinagwadira bambo wina wandevu amene anandifunsa dzina pakhomo la labu.

Towera, mnzanga wa chipinda chimodzi, mwana wa ku Rumphi wokulira ku Lilongwe, anandidzutsa pondikoka kolala.

"Iwe Fele, ameneyo ndi mwana wasukulu. Chaka chachiwiri. Angomulemba ganyu yotitsukira mabotolo."

"Nanga ndevuzo?"

"Ndevuzo ndi ulesi chabe. Ukamagwadira ndevu zilizonse pano, ubwerera kwanu mawondo atatha."

Amene anaigwira nkhaniyi mwamphamvu anali a Dokotala Namalweso, mayi amene ankatsogolera maphunziro athu onse. Ankaphunzitsa kemisitire, ankavala thalauzi, tsitsi lometa ngati la mnyamata, ndipo ankayenda ngati kuti msewu anaulambula okha. Tsiku lina anandiitana pakhonde la labu, ine gwadu pasimenti. Anaima n'kuyang'anayang'ana pasimentipo.

"Wataya chiyani pansipo?"

"Palibe, madamu."

"Ndiye dzuka. Ndakuitana kuti ndikufunse za yankho lako la dzulo, linali labwino, koma sindingakambirane ndi liwombo lako."

Kuyambira tsiku limenelo, masana tikamaliza za m'labu, ankatiphunzitsa kuima pamaso pa anthu. Imirira mowongoka. Polankhula, nkhope iziloza kwa anthu. Yang'ana munthu m'maso. Popereka moni gwira dzanja zolimba, osati ngati ukukhudza mphika wotentha, ndipo usayambe ndiwe kulisiya. "Mtsikana akagwada, mawu ake amapita m'dothi," ankatero. "Ine ndikufuna kumva zimene mukuganiza."

Sindinama, zinandigwira mtima. Patapita masiku ndinakweza mkono m'kalasi, ndinaimirira, n'kuuza mphunzitsi wina wamwamuna kuti pabolodi walakwitsa samu. Palibe chinandichitikira, iye anayang'ana, anafufuta, n'kunena kuti zikomo. Madzulo amenewo ndinayenda ndekha mozungulira bwalo la mpira, nkhungu ikutsika m'phiri pang'onopang'ono, ndikumva ngati ndatalika.

Ndi kutalika komweko ndinapita ku Mtiya Lamulungu kukaona azakhali. Ndinapeza amuna awo, amene tinkawatcha ankolo, kalaliki wa m'boma wopuma pantchito, atakhala pakhonde ndi alendo a kumpingo akumwa tiyi. Mapazi anga anakwera masitepe okha. Ndinaima chilili pamaso pawo, ndinawayang'ana m'maso, ndinagwira dzanja lawo zolimba, ndipo sindinayambe ndine kulisiya. Iwonso, pokhala munthu waulemu, sanafune kulitsomphola. Tinakhala choncho, tagwirana, tikuyang'anana, tiyi akuzizira.

"Kodi ndi Felesiya yemwe uja," anatero ankolo kwa alendo awo, "kapena ndi phungu wathu watsopano?"

Azakhali anandikokera kukhitchini ndi dzanja limodzi, lina lili ndi sefa ya tiyi. Sanakalipe. Azakhali anga sakalipa, amangotsitsa mawu, ndipo poopsa pake ndi pamenepo.

"Akuphunzitsani kuti kugwada ndi mantha eti? Ine ankolo akowa ndawagwadira kuyambira iwe usanabadwe. Tandiuza, nyumba ino amayendetsa ndani?"

Yankho lake Mtiya yense ankalidziwa.

"Bondo limangomuuza munthu kuti ndakuonani, munayamba ndinu kuona dzuwa. Basi. Silichotsa nzeru m'mutu. Za lerozi sindikawauza achimwene. Koma tsiku lotsekera maphunziro anuwa, kuphiri kuja, makolo atiitana, ndipo ine ndikakhala kutsogolo."

Ndinabwerera kukoleji ndikuyenda pang'onopang'ono pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'tauni ija, ndikuwayeza amayi awiriwa m'mutu mwanga. A Dokotala ankanena zoona: ndinali nditaona ndekha kuti ndikagwada ndimayankha kuti inde ngakhale pamene mtima ukuti ayi. Azakhali nawonso ankanena zoona: mwa iwo munalibe mantha ngakhale pang'ono, ndipo ine ndikagwadira bambo anga sindinkamva kuchepa, ndinkangomva kuti ndili kwathu. Nanga munthu ungasankhe bwanji pamenepo?

Mawa lake a Dokotala analengeza kuti pa mwambo wotsekera, wopereka mphatso kwa mlendo wolemekezeka ndi kuthokoza m'malo mwa atsikana onse akhala ine. "Ndikufuna anthu aone pamene wafika," anatero.

Apa m'pamene nzeru za sayansi zinandithandiza, kapena ndinene kuti zinandipweteka. Ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yongosakaniza bwino, ngati mankhwala a m'labu. Kumtunda kwa thupi ndipereke kwa a Dokotala: mutu mowongoka, maso m'maso, dzanja zolimba. Kumunsi ndipereke kwa azakhali: bondo limodzi litsike, likhudze pansi, lidzuke. Aliyense aona chake. Ndinayeserera m'chipinda mwathu, Towera ali mlendo wolemekezeka atabisa pilo pamimba, ndipo pasimenti youma paja zinkatheka bwino kwabasi.

"Ukuoneka ngati mzungu wa mufilimu akufunsira mkazi," anatero Towera, "koma zikutheka. Chatsala ndi nsapato. Sungakaime pamaso pa bwana ndi zasukuluzo."

Anandibwereka nsapato zake za gogoda, zakuda, za chidendene chosongoka. Zinali zazikulu pang'ono, tinaikamo mapepala kutsogolo. Sindinali nditavalapo gogoda chibadwire, koma kodi munthu amene wawongolera mphunzitsi samu angaope nsapato?

Loweruka lija tinakwera phiri pa lole ya koleji, tikuimba. Msewu unkakhotakhota, tauni ikucheperachepera pansi pathu mpaka madenga ake anakhala ngati tizidutswa ta galasi, kenako tinalowa mumtambo ndipo dziko linatha. Kunatsala mitengo ya paini yokha, yotuluka mu nkhungu umodziumodzi n'kubwereramo, fungo la utomoni, ndi anthu ogulitsa masitiroberi m'timadengu m'mbali mwa msewu, ataima chete ngati awajambula. Mwambo unali pa kapinga wotsetserekera ku damu. Chiperoni chinali chitawaza kuyambira m'mawa ndipo udzu unali wonyowa, koma ndani ankayang'ana udzu?

Makolo anawakhazika pamipando yakutsogolo. Azakhali anali mbali ina, mpango wawo wa kutchalitchi uli kumutu, chikwama pamiyendo. A Dokotala anaima mbali inayo, manja kumbuyo. Kutsogolo kwathu tonse kunali mlendo wolemekezeka, bwana wamkulu wochokera ku Lilongwe, bambo wachikulire wa thupi lake, wa suti yotuwa ndi nsapato zoti ungadziyang'anirepo nkhope.

Analankhula nthawi yaitali za mwana wamkazi ndi tsogolo la dziko. Ine ndinamva chiyambi chokha. Kumbuyo kwawo nkhungu inkanyamuka pamadzi ngati utsi wopanda moto, ikutseguka n'kuonetsa kachigamba ka thambo, ikutsekanso, ndipo ndinayamba kudziona ndekha nditavala chovala choyera cha m'labu, ndikuyenda pa makonde aja, ana asukulu akundipatsa njira, bambo anga atakhala m'laibulale chipewa chili m'manja, akufunsa monong'ona ngati mabuku onsewa ndinawamaliza. Towera ananditsina.

"Akhala akukuitana, iwe."

Ndinadzambatuka, wina anandipatsa dengu la masitiroberi, mphatso ija, ndipo pomwepo ndinazindikira kuti poyeserera paja dengu panalibe. Ndinalikoloweka pamkono. Phazi loyamba, chidendene cha gogoda chinamira m'dothi. Ndinachizula. Lachiwiri, chimodzimodzi. Ndinayenda choncho, kumira ndi kuzula, kumira ndi kuzula, ngati kakowa m'munda wa mpunga, ndikusiya timaenje kumbuyo kwanga toti munthu akhoza kudzalamo chimanga, koma mutu uli mowongoka monga anatiphunzitsira.

Ndinazungulira n'kukaima kumunsi kwa bwana, msana uli kudamu, kuti anthu azindiona nkhope. Bwana anatembenuka, anatambasula dzanja akumwetulira. Ndinaligwira zolimba. Ndinawayang'ana m'maso. Kufika apa a Dokotala anali atalandira zawo zonse. Ndinaponya diso kumanzere, azakhali anatsitsa chibwano pang'ono, ndipo bondo lakumanzere linamvera nthawi yomweyo, linayamba kutsika. Ndiye sindikudziwa chinandituma n'chiyani, ndinaponyanso diso kumanja. A Dokotala anakweza nsidze. Bondo lakumanja linauma gwa.

Anzanga, munthu sangatsike ndi mwendo umodzi wina utaima ngati mtengo, pamalo otsetsereka, pa udzu wonyowa, atavala nsapato za eni. Phazi linatuluka mu gogoda, mapepala aja n'kutsalira momwemo, ndinayamba kuterereka cha kudamu, ndipo m'mutu mwanga munatsala lamulo limodzi lokha: usayambe ndiwe kusiya dzanja.

Sindinalisiye. Bwana anabwera nane.

Anatsika pang'onopang'ono, ngati mtengo waukulu umene audula bwino, nsapato zonyezimira zija zikufunafuna poponda, mpaka mawondo onse awiri a suti yotuwa anafika m'matope. Tinapezeka tagwada tonse, maso ndi maso, manja tagwirana, ngati akwati pa guwa. Masitiroberi ankagubuduzika kutsikira kudamu, ofiira pa udzu wobiriwira, akulowa mu nkhungu limodzilimodzi, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaganiza kuti akukongola.

Munthu wanzeru akanapepesa, akanadzuka, akanathawira m'nkhalango ya paini n'kukhala momwemo mpaka ukalamba. Koma ine ndinali nditaloweza mawu othokoza, ndipo mawu oloweza sadziwa kuti zinthu zasintha. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinayamba kuthokoza m'Chingerezi, mokweza, mlendo wolemekezeka, akuluakulu a koleji, makolo athu, amayi ndi abambo. Munthu wa zokuzira mawu, posowa chochita, anabwera n'kutsitsa maikolofoni kufika pamene panali pakamwa panga. Bwana sakanatha kudzuka, dzanja lawo linali kwa ine, choncho anangogwadabe n'kumamvetsera, akugwedeza mutu pamalo oyenera.

Ndiye azakhali. Mayi woleredwa bwino sangakhale pampando munthu wamkulu chotere ali pansi. Anaika chikwama pambali, anakonza chitenje, anatsika pampando n'kugwada pa udzu. Mayi woyandikana nawo anachita chimodzimodzi. Kenako mzere wonse wa amayi, wina pambuyo pa mnzake, ngati mphepo ikudutsa m'munda wa mapira. Abambo anayang'anana, anavula zipewa n'kunyonyomala, atsikana anzanga nawonso n'kutsatira makolo awo. Pamene ndinkafika pothokoza a Dokotala Namalweso chifukwa chotiphunzitsa kuima pamaso pa anthu, woima pamalo ponsepo anali iwo okha.

Nditamaliza ndinasiya dzanja lija, chifukwa mmodzi wa ife anayenera kuyamba. Bwana anatambasula zala zawo, anaziyang'ana ngati akufuna kutsimikiza kuti zonse zilipo, kenako anaweramira pa maikolofoni ija.

"Mwana wanga," anatero, "anthu andigwadira kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Koma wonditengako kuti ndidzaone mmene kumakhalira pansi pano, ndiwe woyamba."

Anthu anaseka mpaka phiri linayankha. A Dokotala anabwera kudzawadzutsa, ndipo poti bwana anali wolemera, anachita kugwada bondo limodzi kuti awagwire bwino m'khwapa. Ndinaona azakhali akuyang'ana bondo limenelo, thalauzi itanyowa ndi matope, ali ndi nkhope ya munthu amene walandira chimene ankadikira.

Potsika phiri sindinaimbe. Ndinakhala pakona pa lole, gogoda za Towera zili m'manja, ndikudziuza kuti koleji ndaiona koyamba ndi komaliza. A Dokotala, tisananyamuke, anali atangondiuza kuti, "Mawu ako amveka mpaka kumbuyo. Zinazo tidzakonza." Koma a Dokotala si amene ankakafotokoza kwathu.

Azakhali anandiperekeza okha pa minibasi mpaka pa Songani, ndipo kuchokera pamenepo tinayenda pansi. Tinapeza bambo pakhonde akusema mpini. Ndinagwada chapatali, mawondo onse awiri, pa dothi louma lodalirika.

"Nanga achemwali, mwaonako zotani kumeneko?" anafunsa bambo.

Azakhali anayamba amwa kaye madzi. Anaika kapu pansi, anapukuta pakamwa.

"Achimwene, mwana uyu musamudandaule. Ana a anzathu amagwada okha. Wanuyu akagwada, boma nalonso limagwada."

Bambo anandiyang'ana, anayang'ana mpini wawo, n'kunena kuti, "Ngati zili choncho, apite." Nkhani yonse anadzaimva patapita miyezi kwa munthu wina kumsika, ndipo akuti anaseka mpaka anakhala pansi, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo bambo anga sabweza mawu.

Kukoleji kuja ndinapitadi, ndinaphunzira kemisitire yomweyo. Lero ndimagwadira amene mtima wanga wafuna kuwagwadira, ndimaima pamene pakufunika kuima, ndipo sindinapezebe amene anapambana pakati pa amayi awiri aja. Chimene ndinalumbira n'chakuti ndisananyamuke pampando, mawondo anga ndimayamba ndawauza chochita, onse awiri, chinthu chimodzi. Ndipo bwana aliyense amene akufuna moni wanga wa m'manja pa udzu wonyowa, ayambe wayang'ana kumene kuli damu.